Mpanda wa Khomo Limodzi

Anthu atabwerako ku Zambia nkhondo itatha, chinthu choyamba kukonzedwa ku Nsadzo chinali mjigo wa kuseri kwa msika. Ntchito yomanga mpanda wake inagwera a Sailesi, amene anaphunzira kuwaka njerwa kothawira nkhondoko. Luso anali nalo, koma makutu awo anali ongokongoletsa mutu.

Amayi a kumpingo anatuma mnzawo, a Yudita, kukawapempha.

"Bambo, mpandawo ulekeze m'chiuno, makomo akhale awiri. Masana timakhala kumunda, madzi timatunga kutada. Tikufuna odutsa azitiona."

"Mbuzi zikadetsa madzi mudzanena ine," anayankha a Sailesi osatukula mutu. "Nkhondo inatha, mukuopanso chiyani?"

Anamanga khoma lobisa ndi munthu wamtali yemwe. Khomo anaika limodzi, loyang'ana kutchire, ati kuti mbuzi zakumsika zisalione.

Mwezi usanathe, munthu wina anawatsekera a Yudita pakhomopo usiku. Anapulumuka atamuponyera ndowa kumaso. Kuyambira pamenepo amayi ankapita atatuatatu, akuyankhula mokweza podzilimbitsa mtima. A Sailesi atamva anangoti, "Nanga munthu wamkulu amakatani yekha usiku?"

Tsiku lina akazi awo anagona ndi malungo, m'nyumba mulibe ndi dontho lomwe. Mwana wawo Celina, wa zaka khumi ndi zisanu, anatenga ndowa chisisira chitagwa. Mdima unakhwima iye osabwera. A Sailesi anatuluka kukamufuna. Ali panjira anamva kukuwa kamodzi kokha, kenaka zii.

Anathamanga ngati masiku a nkhondo aja. Anafikira kumbuyo kwa mpandawo, koma mkati sanathe kuonamo. Anayesa kukwera, zala zinaterereka pa simenti yosalala imene ankainyadira. Anachita kuzungulira khoma lonse akuitana dzina la mwana wawo. Pofika pakhomo anangoona msana wa munthu ukulowa m'tchire.

Celina anali atadzipanikiza pangodya, bulauzi itang'ambika, pakamwa pakutuluka magazi.

"Ababa," anatero, "ndimamva anthu akuseka kumsika, koma palibe amene amandiona."

Kunacha a Sailesi ali pamjigo ndi nyundo, akugwetsa khoma lawo mzere ndi mzere mpaka m'chiuno. Anaboolanso khomo lina loyang'ana kumsika. A Yudita anabwera, nayamba kututa njerwa, ndipo a Sailesi analephera kuwayang'ana kumaso.

Lero munthu akaima pamsikapo amaona aliyense wotunga madzi. Koma Celina sanapondenso pamjigopo, ngakhale dzuwa lili paliwombo. Amene amakatunga madzi a m'nyumbamo ndi bambo ake, amayi otunga madzi akuwapatukira.

Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.