Nsapato za Malume

Panali mayi wina woweta nkhuku, dzina lake Nangondo. Pomanga malo ake adaimika mipanda itatu, wina mkati mwa unzake, mpaka anansi adamuseka kuti kaya akumanga ndende ya nkhuku.

Bwalo loyamba linali la aliyense. Ogula ankafikira pamenepo kudzasankha mazira ndi nkhuku zochepa za m'kakhola kogulitsira. Bwalo lachiwiri linali la antchito osankha mazira ndi kusakaniza chakudya, ndipo wogula akafuna kanthu ankangonena pa kazenera. Bwalo lachitatu ndiye linali moyo wa Nangondo. M'menemo munali mathadzi ndi atambala a mbewu, amene adawasankha ndi kuwalera kwa zaka zambiri. Akadafa amenewo, ulimi wake ukadathera pomwepo. Khomo la bwaloli linali limodzi, lochokera m'bwalo lachiwiri. Wodutsa mpanda wachiwiri kapena wachitatu ankavula nsapato, kusamba m'manja, kuponda m'beseni la mankhwala, n'kuvala magambuti a momwemo.

Tsiku lina kudabwera malume ake, a Gwaza. Ndiwo adamulera bambo ake atamwalira, ndiwonso adamupatsa thadzi lake loyamba. Nangondo ankawakonda ndi mtima wonse. Nkhalambayo idamwa thobwa, idanyamula nkhuku za m'kakhola kogulitsira imodziimodzi n'kumayamikira kulemera kwake, kenako idati:

"Tiye ndikaone zidzukulu za thadzi langa lija."

"Tiyeni, malume. Koma muyambe mwavula nsapato."

A Gwaza adaseka, poyesa nthabwala. Ataona kuti mwana wa mlongo wawo sakuseka, nkhope idasintha.

"Iwe Nangondo, ine ndichite odi pakhomo pako? Ndivule nsapato pamaso pa antchito ako? Kuseri kuja ndaona mpata wotayira manyowa. Ndingodzera pamenepo, kamodzi kokha."

Nangondo adagwada.

"Mpata uja ndi wotulutsira zinthu, malume, si wolowera munthu. Inuyo sindikukukayikirani. Ndikukayikira kumene zaponda nsapato zanu."

Nkhalambayo idatola chipewa n'kuchoka osatsanzika. Nangondo zidamuwawa, mpaka adalira. Koma chitseko sadatsegule.

A Gwaza sanali munthu woipa, ayi. Kungoti m'mawa umenewo adadzera pamsika wa nkhuku, n'kugwiragwira atambala monga achitira onse odziwa nkhuku. Pasanapite nthawi, nkhuku za m'kakhola kogulitsira zidayamba kuwodzera, mapiko ali lende, makosi atapindika. Chinali chitopa. Zidafa zonse. M'mudzimo makola adakhala zii, ndipo anansi aja oseka ndende adasowa ndi dzira lomwe. Kwa a Gwaza nako sikudatsale ngakhale kamwanapiye.

Nangondo adakwirira zakufazo, adatsuka bwalo loyamba ndi mankhwala, adatseka kazenera kaja kufikira nthendayo itadutsa. Mkati mwa mpanda wachitatu atambala ankalira m'mawa uliwonse, ndipo kulira kwawo kunkamveka mudzi wonse.

Mliri utatha, Nangondo adamva mawu pachipata.

"Odi kuno!"

Anali a Gwaza, ataima panja, nsapato zili m'manja. Tsiku limenelo adabwerera kwawo ndi mathadzi ndi tambala, zidzukulu za thadzi lawo lija, kukayambiranso.

Tsono inu amene mukuphunzira kumanga manetiweki a pa klaudi, ndiko kuti makompyuta olumikizana osunga zinthu pa intaneti, mvetsetsani. Bwalo loyamba ndi tsamba la webusaiti, pofikira aliyense. Limangeni mukudziwa kuti tsiku lina lidzagwidwa ndi nthenda. Lachiwiri ndi maseva, makompyuta ogwira ntchito kuseri kwa tsambalo. Lachitatu ndi nkhokwe ya deta, mbiri ndi zinsinsi za anthu amene akukhulupirirani. Bwalo lililonse lizilankhula ndi loyandikana nalo lokha, pa khomo limodzi, ndipo mpata wotulutsira usasanduke wolowera.

Wakuba simudzavutika kumukaniza. Amene adzakuyeseni ndi bwana wanu, mnzanu wa kusukulu, munthu amene adakuchitirani zabwino, atabwera ndi mawu akuti, "Nditsegulire lero lokha." Mulemekezeni. Mugwadireni ngati mukufuna. Koma avule nsapato.