Mpanda Wozinga Chulu

Panali munthu wina, mlimi dzina lake Dzonzi, amene m'munda mwake munali chulu chachikulu. Mudzi wawo unali m'chigwa, mapiri uku ndi uku, mwakuti mafoni ankangolemetsa matumba a eni ake. Koma pamwamba pa chulu cha Dzonzi, pokhapo basi, netiweki inkagwira. Ena ankati imadutsira pampata wa mapiri n'kudzagunda pamenepo. Ena ankangoti ndi chisomo.

Choncho pachulupo sipankasowa munthu. Uyu akufunsa mtengo wa soya m'tauni mavenda asanamupusitse, uyo akuonetsa khanda kwa bambo wake amene ali ku Joni, winayo akufufuza ngati dzina lake latuluka pa mayeso. Panabadwanso mwambo umene palibe anaukhalira pansi kuupangana. Aliyense wokhala pachulu ankamvera mudzi wonse. Wachibale wakutali akaimbira mwini uthenga n'kulephera kumupeza, ankangoyesa nambala ina iliyonse ya m'mudzimo, ndipo woyankhayo ankatsika n'kukaupereka, ngakhale pakhomo pa munthu amene sankamwerana naye madzi.

Dzonzi anali ndi mwana mmodzi yekha, Esinati, amene anatengedwa chitengwa kupita kutali, kuminda ya tiyi. Mayi wa mwanayo anali atatsogola kale. Chaka chimenecho Esinati anali ndi pakati poyamba, ndipo sipankamukomera: miyendo inkatupa, chizungulire chosatha. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, bamboyo ankakwera chulu kukamva mawu a mwana wake, ndipo mawu amenewo ndiwo ankamuyendetsa sabata yonse. Ankamukonda mwanayo kuposa china chilichonse chimene anali nacho.

"Ababa," anatero Esinati tsiku lina, "foni yanu isamakhale yozima, ndipo muzikwera nayo pachulu tsiku lililonse. Masiku ayandikira, ndipo ine ndili ndi mantha."

"Usaope, mwanawe. Ukangoitana ndibwera, ngakhale wapansi."

Atatha kulankhula, foni ija inamuonetsa kanema wotsatsa malonda amene iye sanaupemphe. Munali mwamuna wovala suti, atatsamira galimoto yonyezimira, akuloza chala ngati akumuona. Ankati umphawi n'kusaganiza. Ankati munthu ayang'ane chimene ali nacho chomwe anzake akuchifuna, achiikire mtengo. Mwamunayo ankagulitsa maphunziro a kulemera msanga, ndipo Dzonzi sanagule. Koma mawuwo anatsika nawo pachulu, nakadya nawo, nakagona nawo.

Tisafulumire kumuweruza. Nyemba zake za m'mbali mwa chulu zinkapondedwa chaka ndi chaka, ndipo palibe anabwerapo kudzapepesa. Mapepala a mayunitsi anali mbwee m'mizere. Nayenso ankalakalaka kukaona mdzukulu atanyamula kansalu ndi sopo, osati manja lendelende. Anadzifunsa kuti, kodi mudzi wonse uzidyera pamunda panga, mwini wake n'kumangotola zinyalala?

Ndiye anatenga chikwanje. Anadula minga, nazinga chulu chonse, naikapo chitseko cha nsungwi. Pakhomo pa mpandawo anaika kampando n'kukhalapo. Wofuna kukwera ankayenera kusiya kangachepe: ndalama yachitsulo, dzira, kapena kambale ka mtedza.

Nkhani inavuta pamjigo ndi pabwalo la bawo. Ena ankati munda ndi wake, ndipo palibe amakolola m'munda mwa mnzake ulele. Ena ankati chulu n'chake inde, koma za mumlengalenga si za munthu. Wagolosale anati umenewo ndiye mutu wa bizinesi, pakuti iye dzira silinkamupweteka. Amene linkawapweteka anangokhala chete.

Tsidya lina la njira kunkakhala mayi wina wamasiye, Anasibeko, amene mwana wawo anawaikira sola padenga. Mafoni a mudzi wonse, ya Dzonzi yomwe, ankatchajidwa pakhonde pawo kwaulere. Mayiwa anabwera n'kuima kunja kwa mpanda.

"Achimwene, netiweki imeneyi munaibzala liti?"

"Chulu n'changa, chemwali. Nyemba zopondedwazi n'zanganso."

"Za nyemba tikanakambirana, tikanalambula njira imodzi. Koma taonani. Anzathu a m'tauni amaimba ali chigonere pabedi. Ife tigule bandulo pamtengo womwewo, theka lithere zotsatsa malonda zomwe sitinaziitane, tiyende mtunda, kenako tilipirenso inu? Wosauka azilipira kangati chinthu chimodzi?"

"Amene sakufuna akakwere phiri."

Anasibeko anati: "Chabwino. Lende n'kukankhana. Kuyambira lero dzuwa la padenga panga nalonso lapeza mwini."

Umu ndi mmene mpanda umodzi unaberekera unzake. Anasibeko anayamba kulipiritsa, ndipo anauza Dzonzi kuti ngakhale atabwera ndi mbuzi, foni yake sidzaonanso khonde lawo. Amene anali ndi njinga anasiya kubwereketsa. Anthu ananyanyala chulu. Ochepa amene ankalipira ankakwera, kunena zawo mothamanga, n'kutsika, osayembekezera uthenga wa wina aliyense. Otsalawo ankapita kuphiri mwa apo ndi apo, ulendo wodya tsiku lathunthu. Nthawi zambiri pamwamba pa chulu pankangotera mbalame.

Sabata ina, Lolemba lisanathe, foni ya Dzonzi inazima. Anaiyang'ana, nayang'ana denga la Anasibeko likung'anima tsidya lija. Kuwoloka njira, kugwada pang'ono ndi kunena kuti pepani chemwali, zikanatha. Mtima unamukumbutsa mawu a Esinati, koma manyazi anakula kuposa mantha. Anadziuza kuti mwezi sunakwane, ndipo Lamulungu silili kutali. Kupita kwina kukatchaja sanafunenso, poopa kuti akachoka pakhomo pa mpanda anthu akwera mozemba. Anakhala pakampando pake sabata yonse, kulondera chulu chopanda munthu.

Loweruka ndi pamene ananyamuka kupita kuchigayo cha mudzi wina, m'chigwa momwemo, nakatchaja foni ija, nabwerako kutada. Mawa lake, atachoka kutchalitchi, anatsegula chitseko chake chansungwi n'kukwera.

Atangofika pamwamba, foni inayamba kunjenjemera m'manja mwake osalekeza. Mauthenga oyamba anali otsatsa malonda: bandulo yotsika mtengo, mpikisano wopata njinga yamoto. Pansi pake panali mauthenga a mawu, ondondozana, ochokera kwa mkamwini wake. Dzonzi anatsegula woyamba.

"Apongozi, tabwera naye kuchipatala. Matenda ayamba nthawi isanakwane. Mukamva muimbe."

Anatsegula wachiwiri.

"Apongozi, mwana wabadwa, wamkazi, ali moyo. Koma mayi wake wataya magazi ambiri. Madokotala akuti abale abwere adzayezetse. Anga sakugwirizana ndi ake. Ndayesa nambala zonse za kumudziko zimene ndikuzidziwa, ya Anasibeko, ya abusa, ya wagolosale, palibe ikulowa. Kodi pachulu palibe munthu?"

Dzonzi anakhala pansi padothi. Uthenga wachitatu unayamba ndi kupuma kovutikira, kenako mawu otsika kwambiri.

"Ababa, ndine Esinati. Munati ndikaitana mubwera. Ndikudziwa kuti simunamve, mukanamva mukanabwera. Ndimangofuna ndimve mawu anu."

Wotsiriza unali waufupi. Unatumizidwa dzulo lake, iye ali pamzere kuchigayo.

"Apongozi, watisiya. Tinyamuka mawa m'mamawa, tikubwera naye kwawo."

Dzonzi anaimba nambala ya mwana wake, ngakhale ankadziwa. Inaitana mpaka kuduka. Atakweza maso, anaona fumbi pamsewu wotsika m'phiri, ndi galimoto ikubwera pang'onopang'ono, nyali zake zikuphethira dzuwa lili pamutu. Pachulu paja ankaona kutali kuposa wina aliyense m'mudzimo, ndipo anaiyang'ana njira yonse mpaka inafika pamlatho. Analira ngati mwana, ali yekha m'kati mwa minga yake.

Amene anamva kulirako poyamba anali Anasibeko. Anatsegula chitseko chansungwi osafunsa, nakwera, namugwira mkono n'kutsika naye. Atamva kuti nambala yawonso inayesedwa, anadzigwira pakamwa, ndipo misozi yawo siinali ya maliro okha. Dzuwa lisanapendeke, amuna anali atatenga makasu kupita kumanda, amayi akubwera ndi nkhuni ndi ufa pamutu. Anali anthu omwe aja amene anawabweza pachitseko chifukwa chosowa dzira. Palibe anatchula za mpanda, ndipo palibe anafunsa kuti alandira chiyani. Mayi wina woyamwitsa analandira khanda lija m'manja mwa bambo wake n'kuliika kubere.

Inu amene mukumva, musanene kuti Dzonzi anali munthu woipa. Anali bambo wokonda mwana wake, ndipo dandaulo lake linali loona. Nyemba zinali zake, chulu chinali chake. Anangolephera kuona kuti njira imene mawu a anzake ankadzera ndi yomweyo imene mawu a mwana wake ankayenera kudzera. Masiku ano mtengo wa mbewu, ntchito, sukulu ndi uthenga wa matenda zonse zikudzera pafoni, ndipo amene watsekeredwa kunja sanangomanidwa zosangalatsa, wamanidwa moyo. Pali zinthu zogulitsa, ndipo wogwira ntchito adye thukuta lake. Koma pali zina zimene munazipeza zili pakhomo panu musanazigwirire ntchito, ndipo anzanu alibe kwina kolowera. Kaya ndi chulu, kaya ndi sola, kaya ndi nsanja yaitali ya kampani, musanaikepo chitseko yambani mwafunsa kuti otsala kunja ndi ndani. Tsoka silinunkha. Tsiku limene wanu adzaitane, mwina si foni yanu imene idzakhale yoyaka, koma ya munthu amene munamubweza dzulo.