Kabotolo Kosadziwa Kukana

Panali mayi wina dzina lake Ndaziona, amene ankagwira ntchito m'labotale. Ankafufuza momwe maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi lathu, amadzisesera okha. Akuti selo ikamva njala imatola zotha ntchito za m'kati mwake, n'kuzigaya, n'kupeza mphamvu. Pali puloteni ina imene imagwira ntchito yosesayi, ndiye Ndaziona ankasaka imeneyo.

Koma puloteni siioneka ndi maso. Ankaisaka ndi timadzi ta m'kabotolo totchedwa antibode. Timadziti tikaipeza timaigwira, ndipo papepala pamatuluka kamzere kakuda.

Kabotolo ka chaka chimenecho kanali kokondweretsa. Akayesa maselo anjala, mzere. Akayesa a anthu odwala, mzere. Zotsatira zinachuluka, mpaka abwana ake anati akazionetse kumsonkhano waukulu. Zikakawakomera anthu kumeneko, ntchito yake ipitirira chaka chamawa. Zikakanika, basi, kunyumba.

Mufiriji munali maselo ena amene anawachotsa dala puloteni ija. Tsiku lina Ndaziona anawatulutsa kuti awayese ndi timadzi tomwe tija.

Mnzake wa pantchito, a Chikaonda, atamuona anati, "Achemwali, mukufunanso chiyani? Mizere yokongola chonchi! Chikwama mwalongedza kale, ndiye mukufuna kudziputira nokha mavuto?"

Ndaziona anati, "Achimwene, kabotolo aka chibwerere sikanandikanepo. Ngakhale amuna anga, ondikonda aja, amandikanako nthawi zina."

Anawayesa. Mzere unatuluka, wakuda bii, pamalo pake pomwe paja, m'maselo amene munalibe puloteniyo. Ndiye kuti masiku onsewa timadzi tija tinkagwira chinthu china.

Ndaziona anatenga pepala lija. Ananyamuka n'kukaliika patebulo la abwana.

"Bwana, kumsonkhano sindipita. Zimene ndili nazo si zoona."

Abwana anapsa mtima. Koma atayang'anitsitsa pepalalo anaona kuti vutoli si la Ndaziona yekha, chifukwa kabotolo komweko n'kamene ankadalira enanso onse m'labotalemo. Ulendo unafera pomwepo, koma ntchito sanamuchotse. Anamuuza kuti ayambirenso.

Kabotolo katsopano katafika, Ndaziona anayamba kukayesa pa maselo opanda kanthu aja. Pepala linatuluka loyera mbee. Apo m'pamene anakakhulupirira.

Amayi anzanga, izi timaziona ndi kunyumba komwe. Mwana amene amangoti eya pa chilichonse, mufunseni ngati anaona njovu kubafa, avomeranso. Ndiye mnzanu uja amene amakuvomerani nthawi zonse, amene amaona cholakwa mwa aliyense amene mwamuloza, musafulumire kumudalira. Tamufunsani tsiku lina za munthu amene mukudziwa kuti sanalakwe. Akakanika kunena kuti apa palibe, eya wake yense uja mutayeni.