Mkamwini Amene Anachotsa Malire a Nthawi

Mu shopu yometera ya Lackson pa Njuli munali soketi imodzi yokha yosathetheka moto, ndipo aliyense ankadziwa kuti imeneyo ndi ya Denis Kalinde. Ankafika m'mawa mapazi ali mbuu ndi fumbi la ku Likoswe kumene anakwatira, n'kukhala pa benchi la pakona, laputopu pamiyendo, tsitsi la anthu likumugwera pa mabatani ngati mwaye. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene amuna anzake amalawirira kumunda kukagalauza dzuwa lisanakwiye. Denis anali mkamwini. Ndipo mkamwini wodutsa pakhomo pa apongozi atakoleka chikwama m'malo mwa khasu, maso amamuwotcha kumsana mpaka akafike pamsewu.

Koma iye anali nacho chifukwa. Kampani ina ya ku Blantyre, yogwirira ntchito makasitomala akunja, inamutenga kuti imuyese kwa miyezi ingapo ali kwawo konko. Akakhoza, ntchito ndi yake. Mkazi wake Sellina anali atamulonjeza kale nyumba ya m'tauni, ya mpopi pakhomo ndi chitseko chawochawo, kumene kulibe munthu wowerengera mnzake kuti wadzuka nthawi yanji. Akamaikamba nyumbayo, awiriwo ankatsitsa mawu ngati akuopa kuti iuluka.

Ntchito imene anamupatsa inali ya m'katikati mwa kompyuta, pamalo amene amawatcha kenelo, mtima umene umauza ziwalo zina zonse chochita. M'kenelomo muli kapulogalamu kolondola mapazi. Kamalemba chilichonse chimene mtimawo wachita, kuti zinthu zikasokonekera akatswiri atsate mapaziwo mpaka pamene payambira vuto. Tsono kolondolako kankataya mapazi ena ntchito zikachuluka, ndipo Denis anauzidwa kuti alembe chigamba chotseka bowolo. Chigamba chikalembedwa chimadutsa pa mayeso odziyendetsa okha, a magawo ambirimbiri. Gawo lililonse lili ndi malire ake a nthawi, osafika ndi mphindi imodzi yomwe. Likatha bwino, pa sikirini pamatuluka mzere wobiriwira. Likachedwa, makina amalidula osafunsa, n'kulemba mofiira kuti nthawi yatha.

Sabata yoyamba, asanakhudze kalikonse, mizere yofiira inatuluka ingapo. Laputopu yake inali yogula kwa munthu, fani yake yolira ngati chigayo cha dizilo. A Farida, mayi amene ankamuyang'anira ku kampani kuja, anaseka pa foni.

"Makina anuwo ndi agogo, Denis. Awonjezereni nthawi pang'ono, afika."

Anawonjezera, ndipo zofiira zonse zinasanduka zobiriwira. Tsoka lake linayambira pa chisangalalo chimenecho, chifukwa kuyambira tsikulo anakhulupirira kuti mankhwala a chofiira chilichonse ndi kudikira. Nanga mukanamudzudzula bwanji? Mwana wa ku Chiradzulu amakula akudikira. Minibasi imanyamuka ikadzadza. Mzere wa kuchipatala umatha dzuwa litapendeka. Mvula imanamiza ndi mitambo milungu ingapo, kenako imagwa ndithu. Kwa Denis, pansi pano panalibe chinthu choima. Zonse zinali zochedwa chabe.

Chigamba chake anachilemba ndi mtima wonse. Chinali chachifupi, chaudongo, ndipo ankachiwerenga mobwereza ngati uthenga wa chibwenzi chatsopano. Atachiika m'kenelo n'kuyambitsa mayeso, mizere yobiriwira inatsika motsatizana ngati chimanga chomera bwino. Pafupi ndi kumapeto, gawo limodzi linakhala duu. Kenako chofiira: nthawi yatha.

Anawonjezera mphindi zingapo. Chofiira. Anawonjezera ola lathunthu, n'kupita kukagula chimanga chootcha, n'kubwerera. Chofiira.

"Gawo limenelo linkatha musanaikemo chigamba chanu?" anafunsa a Farida atamuimbira.

"Linkatha, madamu, koma movutikira."

"Ndiye chotsani chigambacho muyesenso. Likatha, mudziwa kuti vuto lili m'zimene mwalemba. Kuchedwa n'kwina, kuima n'kwinanso."

"Kumanganso kenelo pa makina angawa ndi tsiku lathunthu, madamu. Komanso latsala pang'ono kutha, ndikuliona."

"Mukuliona bwanji?"

"Fani ikuzungulira."

"Fani imazungulira ndi kumochale komwe, Denis. Chitani zimene ndakuuzanizo."

Sanachite. Tsiku lathunthu anali nalo, ndipo anali nawo masiku ambiri. Chimene analibe ndi mtima wochotsa chinthu chokongola chija n'kupeza kuti chilema chili momwemo. Munthu amene mudzi wonse ukumuyesa waulesi, akapanga chinthu chimodzi chabwino amachigwira ngati mwana wobadwa mochedwa.

Mu fayilo imene mumalembedwa malire a nthawi muli lamulo lakuti munthu akaikapo ziro, ndiye kuti malire palibe. Denis anaikapo ziro. Kuyambira pamenepo chofiira sichinaonekenso. Panangotsala sikirini yakuda ndi kamzere koyera kophethira pansi pake, phethi, phethi, ngati diso la munthu amene akufuna kunena kanthu.

"Akamwini, filimu yanuyi bwanji palibe amene akumenyana?" anafunsa Lackson tsiku lina, makina ometera ali m'manja. Makasitomala pa benchi anafa nacho chiseko.

"Si filimu, aise. Ndi mayeso."

"Mayeso olemba ndani? Inu manja ali pachibwano."

"Akudzilemba okha. Ine ndikufuna ndione pamene athere."

"Eee, koma kusukulu kuli zinthu. Ine ndameta Njuli yense, ena tsitsi lameranso abweranso, inu mukadali tsamba lomwelo."

Batire la laputopuyo linafa kalekale, choncho magetsi akangozima, sikirini nayo inkazima nthawi yomweyo. Denis ankadzimenya pantchafu n'kufuula kuti, "Linatsala pang'ono!" Koma pansi pa mtima ankamva kupepuka, ngati wodwala amene wapeza kuti adokotala sanabwere. Mlandu unali wa magetsi. Akayaka, ankayambiranso pachiyambi, n'kuonerera zobiriwira zija zikutsika mpaka pamalo pomwe paja, n'kukhala.

Tsiku la msika Sellina anatulukira pakhomo la shopu, dengu la tomato lopanda kanthu lili m'chiuno. Sanalowe, poti munali amuna okhaokha. Denis anatuluka, koma chitseko anachisiya chotsegula kuti diso limodzi likhale pa sikirini.

"A Denis, amayi akuti ndime yathu ija, tikapanda kuigalauza sabata ino, aipereka kwa Nester ndi amuna ake. Akuti malo ndi ochepa, sangagone chaka chathunthu."

Nester anali mng'ono wake wa Sellina, wokwatiwa ndi mwamuna wa khasu, amene apongozi ankamutchula dzina akamafuna kuti Denis amve.

"Uwauze apereke," anatero Denis. "Ife tikupita kutauni."

Maso a Sellina anawala. "Zatheka?"

"Zatsala pang'ono."

Mkaziyo anasuzumira m'shopu, nayang'ana chakuda chija kwa kanthawi. "Koma ine sindikuona chimene chikuyenda."

"Zimayendera pansi, Seli."

"Ngati mbatata," anatero Sellina, naseka akubisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Anamusiyira mango awiri m'manja n'kutembenuka. Anayenda mopepuka, ngati dengu lija lamunyamula ndi iye yemwe. Denis anamuyang'ana mpaka anazimirira pakati pa akabaza, ndipo kwa kamphindi anafuna kumuitana kuti amuuze zoona, zakuti iye mwini sakudziwa ngati pansipo pali mbatata kapena miyala. Koma anakumbuka sikirini, nathamangira m'kati poopa kuti chobiriwira chingatuluke iye kulibe.

Tsiku lomaliza lopereka ntchito linali Lachisanu. Kamzere kanali kakuphethirabe. Denis anatumiza chigamba chake ku kampani pamodzi ndi fayilo ya ziro ija, nalemba kuti mayeso onse ali bwino, kupatula gawo limodzi limene ndi lochedwa chabe. Ankadziuza kuti makina a kumeneko ndi amphamvu, ndipo chimene chikukwawa pa Njuli chikathamanga ku Blantyre.

Kukampaniko kunali kompyuta yaikulu imodzi yoyesera ntchito za anthu onse. Imatenga yokha zimene zatumizidwa, chimodzi chikatha n'kuyamba china, ngati matumba pa chigayo. Lachisanu masana antchito anaweruka. Chigamba cha Denis chinalowa, chinafika pa gawo lija, n'kuima. Pakanakhala malire, makina akanachidula mphindi isanathe n'kupitiriza za ena. Koma malire anali atachotsedwa. Loweruka lonse ndi Lamulungu lonse, ntchito za anzake zinangofola kumbuyo kwake, kuphatikizapo ya kasitomala wamkulu imene inkayenera kuperekedwa Lolemba m'mawa.

Foni inalira Lolemba chakumasana. A Farida sanakalipe.

"Denis, munakumanapo ndi apongozi anu aakazi panjira yopapatiza?"

"Eya, madamu."

"Inu mumapatukira kutchire kuti adutse, iwonso amapatukira uko kuti mudutse inu. Ndiye taganizani aliyense atalumbira kuti sasuntha mpaka mnzake adutse. Chigamba chanu chachita zimenezo. Mbali yolemba mapazi ikudikira yowerenga, yowerenga ikudikira yolemba. Basi."

"Ndiye kuti sizikanatha?"

"Olo mukanadikira mpaka imvi."

Denis anatseka maso. M'shopu makina ometera anali atasiya kulira.

"Inali mizere iwiri yoti isinthane malo," anapitiriza a Farida. "Takonza tiyi asanazizire. Zina zonse munalemba bwino, ndipo zimenezo n'zimene zikundipweteka. Kulakwitsa kotero aliyense amalakwitsa, ine ndemwe ndinalakwitsapo. N'chifukwa chake timaika malire. Malire aja ndi mlonda. Anakuimbirani wenzulo kangapo konse kuti kwalowa wakuba, inu mwamulanda wenzuloyo, n'kutitumizira wakubayo kunyumba kwathu kuno. Kasitomala wakwiya. Abwana andifunsa ngati ndinakuchenjezani, ndipo sindikanawanamiza."

"Madamu, chonde, ndipatseni sabata imodzi yokha."



"Nthawi mwakhala mukudzipatsa nokha, Denis. Ine kuno ndilibe ina. Akuti tilekezere pomwepa."

Foni itaduka, anakhala pa benchi paja manja ali lende. Kamzere kanali kakuphethirabe. Ndipo, abale, mtima wa munthu ndi chinthu chomvetsa chisoni: ngakhale atamva zonsezo, anakayang'anabe kwa kanthawi ndithu, ngati kangasinthe maganizo. Lackson, amene tsiku lililonse anali ndi chonena, ankasesa tsitsi pamalo posesa kale. Pomaliza Denis anawerama, nazula yekha waya pa soketi.

Njira ya ku Likoswe sinatalikepo ngati tsiku limenelo. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya mango ngati zikumunena. Atayandikira mudzi anadutsa m'mbali mwa ndime imene inali yawo. Inali itagalauzidwa yonse, mizere yowongoka, dothi lofiira litatembenuzidwa bwinobwino, likungodikira mvula. Kumapeto kwake Nester ndi mwamuna wake ankatola mapesi. Anamupatsa moni mwaulemu, ulemu wa anthu amene alibe mlandu.

Denis anamupeza Sellina atakhala pakhonde, akupinda m'mphepete mwa nsalu ya maluwa achikasu, singano ikulowa ndi kutuluka mwachangu.

"Mwabwera msanga lero," anatero mkaziyo. Anakweza nsaluyo m'mwamba. "Taonani. Ndi katani. Kukula kwa zenera la kumeneko sindikukudziwa, ndiye ndasiyako nsalu yambiri, tikadulira konko."

Denis anatula chikwama pansi. Anakhala pa tsinde la khonde, chapatali pang'ono, ngati mlendo.

"Seli, ntchito ija palibe."

Singano inaima.

"Achedwetsa?"

"Ayi. Palibe. Ndinalakwitsa. Makina anandiuza, madamu anandiuza, ine ndinkati ndione kaye."

"Tsiku la msika lija munkadziwa?"

"Sindinkadziwa kuti zitha kapena ayi."

Sellina sanalire. Anabaya singano pa nsalu, naipinda pakati, naipindanso, mpaka inakhala kanthu kakang'ono pamiyendo pake. Anayang'ana kumene kunali ndime ija, kenako kunyumba kwa amayi ake kumene anthu anali atayamba kale kusuzumira.

"Mukanangondiuza kuti simukudziwa, a Denis," anatero motsitsa. "Ndikanalima ndekha."

 Denis anakhala pomwepo, mwamuna wopanda ntchito pamudzi wa eni, chaka chimene banja lake silidzakolola.

Kudekha n'kwabwino, ndipo amene amanyoza wodikira sanaonepo mbewu ikumera. Koma kulipo kudikira kwina kumene ndi mantha ovala malaya a kudekha. Mbusa amaona chinthu chalowa pakati pa ziweto zake, agalu akuuwa, anzake akukuwa kuti thamanga, iye n'kumati taimani, mwina ndi galu wa kwathu, ndiyang'ane bwino. Pamene akutsimikiza kuti ndi fisi, m'khola mwatsala ubweya wokhawokha. Akuluakulu anaziona zimenezi kompyuta isanabwere, n'chifukwa chake anati: Ndionetsetse adathetsa nkhosa.