Wosewera Bawo Mbali Zonse Ziwiri

Panali munthu wina wosoka nsapato pamsika, amene ankati bawo amalidziwa. Mng'ono wake anali woimba gitala m'maukwati. Chaka china kuboma analengeza mpikisano wa bawo, kuti wopambana adzatenga njinga. Wosoka nsapatoyo anauziratu mkazi wake kuti zosenza chimanga popita kuchigayo zatha, ndipo mkaziyo anauza anzake onse kumjigo.

Kenaka anapita kwa mng'ono wake kukafunsa mmene iye anapezera luso. Woimbayo anati palibe mankhwala. Amadzitsekera m'nyumba, n'kupeza pamene chala chimaterereka, n'kubwereza pomwepo kambirimbiri mpaka chalacho chitamva. Koma anawonjezera kuti, "Achimwene, nyimbo siibwezera. Pamene ndaisiya dzulo ndimaipeza pomwepo. Zanuzo zimafuna munthu."

Mkuluyo anatola zodzitsekerazo, zinazo n'kuzisiya pakhomo pomwepo. Pamsika panali akatswiri amene akanamukhaulitsa tsiku ndi tsiku kwaulere, koma iye kugonja pagulu ankakuona ngati kuvulidwa. Choncho akaweruka ankayala bawo lake kuchipinda. Ankasewera mbali yake, kenaka n'kutambasula dzanja kusewerera mdani amene panalibe. Mdani ameneyu anali waulemu kwambiri. Nkhomo zake ankaziika pomwe zinali zosavuta kudya. Miyezi iwiri inatha mdaniyo asanapambaneko ngakhale kamodzi, ndipo sanadandaule.

Tsiku la mpikisano anamukhazika ndi mdala wina, mlonda wa pasukulu, munthu wosafulumira. Wosoka nsapato anayamba. Dzanja lake linayenda mwaukhondo, osagwetsa nkhomo ngakhale imodzi, moti oonerera anagwedeza mitu. Itafika nthawi ya mlonda, mdalayo anangokhala phee, akuwerenga ndi maso. Analoza dzenje lina limene mdani wa kuchipinda uja sanaligwirepo chiyambire, n'kubweza chala, n'kuyambanso kuganiza.

Dzanja la wosoka nsapato silinazolowere kudikira. Linanyamuka lokha, n'kuoloka, n'kutapa nkhomo za mlondayo, n'kuyamba kumusewerera.

"Bambo," anatero mlondayo, "ngati mukwanitsa nokha, ine ndikagule chinangwa."

Lamulo la tsikulo linali lakuti wogwira nkhomo za mnzake watuluka. Woweruza sanachite kukweza mawu. Njinga inapita ndi wina, ndipo munthu uja anabwerera kwawo wapansi, podzera njira yosadutsa kumjigo.

Inu amene mukumva, musati munthuyu anali waulesi. Thukuta anakhetsa, ndipo chimene ankabwereza anachidziwadi. Dzanja silisankha, limasunga chilichonse chimene mwalipatsa. Woimba angathe kudzitsekera chifukwa akalakwitsa khutu lake lomwe limamuuza. Koma pamene pali wina wofuna kukugwetsani, cholakwa chanu amachidziwa ndi iyeyo, osati inu. Mufunefuneni tsiku wamba, oonerera akadali atatu, mukhale pansi, akudyeni.