Mkazi Amene Ankagwira Eriyo

Panali telala wina amene nyumba yake inali kuseri kwa phiri, m'munsi mwenimweni. Atagula tivi ndi dikoda yake, anagulanso eriyo yaing'ono ya m'nyumba, ya nyanga ziwiri. Koma chithunzi sichinkakhazikika. Munthu wa pa kanemayo ankati akayamba kulankhula, nkhope yake n'kuuma, n'kusweka timabokositimabokosi, kenako mdima.

Telalayo anayesa zonse. Anaika eriyo pamwamba pa kabati. Anaikoleka pa msomali. Anailozetsa kum'mawa, nailozetsanso kumadzulo. Analimbitsa chingwe kumbuyo kwa dikoda, nasaka matchanelo mobwerezabwereza. Sizinathandize.

Tsiku lina mkazi wake, Nangondo, ankapukuta fumbi. Ananyamula eriyo ija n'kuima nayo pakona ya kuwindo. Nthawi yomweyo chithunzi chinayera, mawu n'kumveka bwinobwino.

"Imani pomwepo," anatero mwamunayo. "Musasunthe."

Anayesa kuikhomera pakonapo, koma ikangochoka m'manja mwa munthu chithunzi chinkaswekanso. Anansi anamuuza kuti mankhwala ake ndi eriyo ya panja, yomangirira ku nsungwi yaitali yopitirira malata. Iye anati achita zimenezo Loweruka. Loweruka linabwera n'kupita, linanso n'kupita.

Choncho chinasanduka chizolowezi. Akaweruka ku shopu, telalayo ankakhala pampando wake n'kutenga rimoti. Nangondo ankasiya mbale, kupukuta manja pa chitenje, n'kukaima pakona paja, mkono uli m'mwamba. Nkhani zikatha pankabwera mpira, mpira ukatha sewero. Mkono ukatopa n'kutsika pang'ono, chithunzi chinkauma, ndipo mwamunayo ankangoti, "Kwezani."

Sanali munthu wankhanza ayi. Sankamenya, sankatukwana, ndipo ndiwo sizinkasowa pakhomo. Kwa anzake ankanena monyadira kuti, "Ine sindiyendayenda. Madzulo ndimakhala pakhomo, timaonera tivi ndi mayi."

Chaka china miyendo ya Nangondo inayamba kutupa. Anayesa kugwira eriyo atakhala pa kampando, koma chithunzi chinakana. Ndiye ankaimabe, atatsamira khoma. Mvula itayamba anamugoneka m'chipatala, ndipo sanabwereko.

Maliro atatha anthu anabalalika. Anatsala mlongo wake wa malemuyo, bambo wachikulire wochokera kumudzi, amene anati akhaleko masiku angapo kuti mlamu wake asatsale yekha. Madzulo ena m'nyumba munangoti zii, ndipo telalayo anafuna kumusangalatsako mlendo.

"Alamu, khalani apa muonereko nkhani," anatero, akumupatsa mpando wake womwe.

Atayatsa, chithunzi chinasweka monga mwa masiku onse. Anatenga eriyo, napita pakona paja, nakweza mkono.

"Eya, zayera tsopano," anatero mlendoyo.

Telalayo anatembenuka kuti aone nawo. Sanaone kanthu. Kuchokera pamenepo munthu ankangoona msana wa tivi, zingwe ndi fumbi. Anasendera kutsogolo pang'ono kuti asuzumire.

"Zaduka, alamu. Tabwererani pomwe munali paja."

Anabwerera. Chimene chinkaoneka bwino pamalopo chinali mpando wokha, ndi nkhope ya munthu wokhalapo, kuwala kwa kanema kukusewera pamasaya. Mlendoyo ankagwedeza mutu, pena kumwetulira, pena kudabwa, koma kukonako sanayang'aneko ngakhale kamodzi. Nkhani zisanafike pakati, phewa la telalayo linali litayamba kale kuphwanya, zala zitachita dzanzi.

Kenako mlendoyo anafunsa, maso ali pa kanema, "Kodi mlongo wanga ankakonda pulogalamu iti?"

Telalayo anayang'ananso msana wa tivi uja. Anatsitsa mkono pang'onopang'ono. Chithunzi chinauma, n'kuzima. Anakhala pansi pakona pomwepo, eriyo ili pamiyendo, nalira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

Abale anga, pakhomo pathu ambirife pali wina amene waima pakona. Mwina ndi mkazi wanu, mwina ndi mayi anu, mwina ndi mchemwali amene anasiya sukulu kuti inu mupitirize. Poti sadandaula, mumayesa kuti nayenso akuona zimene mukuonazo. Dzukani pampandopo akadali moyo, mukaime pamene amaimapo, muone zimene zimaoneka kumeneko. Telala uja anakaimapo ndithu, koma woti amuuze kuti "khalani pansi" anali atapita.