Migwalangwa Yoyandama

Panali munthu wina woweta ng'ombe, amene ndikamukumbukira mpaka lero mtima umandiwira ngati thobwa la masiku anayi. Ng'ombe zake zinali zochuluka moti yoyamba ikamabwerera m'khola, yomaliza inali isanatuluke. Ndinaziona ndi maso angawa, maso amene amawerenga nthiti za udzudzu uli tsidya la mtsinje.

Chaka china nyanja ya kwawo inaphwa. Inali nyanja yosaya, yamatope, ndipo inauma gwa, n'kung'ambika ming'alu yoti mbuzi ikagweramo umamva kulira kwake mawa lake. Zitsime zinauma. Madzi anatsala malo amodzi okha, pa kasupe wa kutsidya, patsinde pa mitengo itatu ya migwalangwa. Woweta uja anakweza migolo iwiri ya madzi pangolo, kuti adule pakati pa nyanja youmayo ndi ng'ombe zake zonse. Womuperekeza anali mlamu wake, msodzi amene bwato lake linali litagona pamtunda.

Awiriwa anali ndi mkangano wakalekale. Woweta ankati dziko ndi lathyathyathya ngati mphasa. Msodzi ankati n'lokhota ngati dzungu. Ulendo utangoyamba, mkangano nawo unayamba.

"Alamu," anatero msodzi, "ine ndapalasa pano zaka makumi atatu. Ukamachoka kumtunda, bango ndiye limayamba kumira. Kenako nyumba. Kenako mitengo, kuyambira kumizu, nsonga pomaliza. Pobwerera, nsonga ndiye zimayamba kuvuuka. Tandiuzeni, mphasa imabisa chinthu kuyambira kumiyendo?"

"Maso anuwo anatha ndi utsi wa matemba," anayankha woweta. "Likanakhala dzungu, bwenzi ng'ombe zanga zikugubuduzika."

Anayenda tsiku lonse. Magudumu a ngolo ankatitimira, ng'ombe zokoka zikutuluka thovu. Madzulo migwalangwa ija inaoneka nsonga zokha, timadontho titatu ngati nkhupakupa pamzere pamene thambo limakhudza nthaka. Msodzi anayang'ana nati, "Nsonga zokha ndiye kuti patsala ulendo wa tsiku lina. Tisunge madzi."

Kunja kunacha kozizira, kopanda mphepo. Woweta atatukula mutu anaona zodabwitsa. Migwalangwa ija inali itaima yathunthu, nsonga, thunthu, ngakhale bango la patsinde pake, ngati ukhoza kuigenda ndi mwala.

Anakuwa mpaka ng'ombe kudzidzimuka. "Alamu! Dzungu lanu lija lili kuti? Dzulo munkati mizu yabisala kuseri kwa msana wa dziko. Msanawo wawongoka liti? Si iyo mitengoyo! Tafika!"

"Sitinafike, alamu," anatero msodzi. "Asodzi timazidziwa zimenezi. Kukazizira m'mawa, mpweya umagona pansi n'kunyamula zinthu zakutali, monga mmene madzi amathyolera nkhafi imene siinathyoke. Ife timati mtunda wadzuka. Sitiukhulupirira mpaka dzuwa lifike paliwombo. Dikirani pang'ono."

Woweta anati, "Ikabisika, dziko lakhota. Ikaoneka, mpweya wanama. Inu mudzagonja liti?"

Tsono imvani chimene chitsiru cha woweta chija chinachita. Sichinafune kungofika ayi. Chinafuna kufika msangamsanga, dzuwa lisanakwere, kuti chikamuseke mlamu wake patsinde pa mitengo. Chinaona kuti chochedwetsa ndi ngolo yolemera. Chinakwera pangolo, nichitsegula migolo yonse iwiri.

"Munthu woona kasupe ndi maso sasenza madzi," chinatero, n'kugubuduza migolo ija.

Khuthu! Msodzi anathamanga ndi chipewa m'manja kuti awolere ngakhale pang'ono. Ming'alu inali itameza kale. Nthaka sinanyowe n'komwe.

Anayenda. Dzuwa linakwera. Bango lija linayamba kumira. Kenako thunthu. Dzuwa lili paliwombo, kutsogolo kunatsala timadontho titatu tomwe tija, kutali ngati dzulo. Ng'ombe zinayamba kugwada, imodzi pano, ina apo, malilime panja. Miimba inabwera yambiri moti kunagwa mthunzi, ndipo mthunzi umenewo ndi umene unapulumutsa anthu awiriwa. Musandiyang'ane choncho, ndikunena zimene ndikudziwa.

Pa kasupe zinafika ng'ombe zisanu ndi ziwiri. Woweta anafika ali kumsana kwa mlamu wake, milomo itang'ambika. Msodzi anamugoneka pamthunzi, natunga madzi ndi chipewa chake, nam'mwetsa. Munthu uja atameza katatu, anatsegula maso, nayang'ana kumene anachokera, nati ndi mawu osasa:

"Komabe, alamu, ndi mphasa."

Msodzi anapita kukamwetsa ng'ombe zisanu ndi ziwiri zija.

Tsono inu, inu amene mumakhala pabawo tsiku lonse n'kumalozetsana zithunzi za pafoni, wina akuti taonani phiri likuoneka ndiye dziko ndi lathyathyathya, mukundikwiyitsa. Ine kusukulu sindinapondeko, koma ndatha nsapato za matayala makumi anayi ndikuyenda dziko lino, ndipo malekezero ake sindinawapeze. Kulikonse kumene ndinapita, chinthu chakutali chinkayamba kundionetsa mutu, miyendo pambuyo. Diso ndi mboni, inde. Koma mboni ya m'mawa umodzi singagonjetse mboni ya zaka makumi atatu. Chimene mwaona kamodzi kukuzizira, bwererani mukachionenso kukutentha, ndipo mufunse amene amadyera pamenepo.

Ngati mukufuna kukangana, kanganani, pakamwa ndi panu. Koma manja anu atalikirane ndi migolo. Pali ena amene akuyenda pambuyo panu osafunsa, akazi anu, ana anu, odalira madzi amene mwasenzawo. Ng'ombe zija sizinanenepo kuti mphasa kapena dzungu. Zinangofa.